Mwana wanzeru akamadumpha mizere powerenga: vuto lili m'maso kapena kwina?

Mupatseni munthu nyuzipepala, inu mukhale moyang'anizana naye, aziwerenga chamumtima uku mukumuyang'ana m'maso pamwamba pa pepalalo. Ambirife timaganiza kuti maso amayenda myaa pamzere, kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Ayi ndithu. Muona akudumpha, kuima, kudumphanso, kuimanso, ngati munthu wowoloka mtsinje poponda miyala, ndipo akafika kumapeto kwa mzere amabwerera ndi mdumpho umodzi waukulu kukayamba mzere wotsatira. Dokotala wa maso wa ku Paris, Louis Émile Javal, analemba za kudumphaku cha m'ma 1878. Makina a masiku ano oyeza kayendedwe ka maso amaonetsa kuti munthu wamkulu wozolowera kuwerenga Chingerezi amaima pafupifupi kota ya sekondi pamalo amodzi, kenako n'kudumpha zilembo 7 mpaka 9. Ubongo umatola mawu pokhapokha diso litaima. Ndipo ngakhale kwa katswiri wowerenga, mdumpho umodzi kapena kuposerapo pa midumpho khumi iliyonse umakhala wobwerera m'mbuyo kukaonanso mawu amene wawadutsa kale.

Kudumphaku si chilema, ndi mmene diso linapangidwira. Mbali imene imaona zinthu bwinobwino ndi kadontho kakang'ono m'kati mwa diso, chakumbuyo. Tambasulani mkono, muyang'ane chikhadabo cha chala chanu chachikulu: malo amene diso limaona mwakuthwa nthawi imodzi ndi aakulu pafupifupi chomwecho. Zonse zozungulira mumaziona mwachimbuuzi, kungoti simudziwa chifukwa diso limathamangira msanga kulikonse kumene mwafuna kuona. Diso lililonse lili ndi minofu 6 yolitembenuza, ndiye kuti minofu 12 iyenera kumvana kuti maso onse awiri agwere pa chilembo chimodzi.

Kudumpha ndi ntchito imodzi chabe. Buku likakhala m'manja, maso onse awiri amayenera kupendekera m'kati, chakumphuno, n'kukhala choncho mpaka mwana atamaliza tsamba. Kagalasi ka m'kati mwa diso nakonso kamayenera kufufuma kuti zapafupi zioneke bwino, ndipo pali kamnofu kamene kamagwira ntchito imeneyo osapuma. Mwana akakweza mutu kuona pabolodi zonsezi zimamasuka, akabwerera pakope zimamanganso. Chimodzi chikamatsalira, mwana amatopa msanga, koma iye sadziwa kuti anzake satopa choncho.

Tsono ku America, komanso ku Britain, Australia ndi South Africa, pali nkhani imene imamveka kawirikawiri pakati pa makolo a ana ochangamuka. Mwana anayamba kuwerenga ali ndi zaka zinayi, wongotolera yekha zilembo pa mapaketi ndi pa zikwangwani za m'misewu. Amalankhula ngati wamkulu, amafunsa mafunso ozunguza mutu. Koma pofika zaka 6 kapena 7 wayamba kuthawa buku. Akawerenga amadumpha mizere, amabwereza mzere womwe waumaliza kale, amasiya timawu tating'onoting'ono, amatikita maso, mwina n'kunena kuti, "Amayi, mawuwa akuyendayenda." Aphunzitsi akuti ndi ulesi kapena matama, popeza mutu wake umagwira. Kuchipatala anamuyeza pa tchati cha zilembo cha pakhoma, akuti amaona bwino kwambiri. Kenako wina amawalozera makolowo kwa katswiri wina wa maso, amene amawauza kuti mwanayo ali ndi vuto la tracking, ndiye kuti maso ake satsata bwino mzere, ndipo mankhwala ake ndi vision therapy: masewera olimbitsa maso, sabata ndi sabata kwa miyezi yambiri, pa mtengo woti kholo limayamba lakhala kaye pansi. Achewa anzathu okhala ku Johannesburg kapena ku Manchester akhoza kukumana ndi mawu amenewa pakhomo pa sukulu penipeni.

Makolowo salakwitsa akamakayikira tchati cha pakhoma chija. Herman Snellen, dokotala wa ku Utrecht, ku Netherlands, anachipanga mu 1862 kuti chiziyeza chinthu chimodzi: kaya munthu akuona zilembo zili patali, mamita 6, ndi diso limodzi pa nthawi. Mwana amene wapeza 6/6, zotsatira za munthu woona bwino zakutali, waonetsa kuti amaona bolodi. Tchaticho sichinena kanthu za mmene maso ake awiri amagwirira ntchito limodzi pa buku lili pafupi ndi mphuno kwa theka la ola.

Mwana wanzeru amabisa mavuto mosadziwa. Amaloweza msanga, choncho ndime imene aphunzitsi awerenga kamodzi mokweza iye amaibwereza ngati akuwerenga. Amadziwa mawu ambiri, choncho akaona zilembo ziwiri zoyambirira amapeka otsalawo, ndipo nthawi zambiri amalondola. Mayeso amakhoza, mwina osati nambala wani, koma pakatikati pabwino, ndiye palibe amene amadandaula. Kwathu kuno, m'kalasi ya Sitandade 2 mmene muli ana oposa 100 ndipo onse akuyimba maphatikizo pamodzi, ba be bi bo bu, mwana wotere atha kudutsa zaka ziwiri zitatu palibe womugwira. Vuto limaonekera zilembo zikachepa, mizere ikathinana, zithunzi zikatha m'mabuku.

Chovuta n'chakuti mawu oti "maso satsata mzere" si dzina la matenda amodzi. Ndi dzina la chimene kholo likuona, ndipo pansi pake pakhoza kukhala zinthu zosiyana kotheratu.

Choyamba kuchiganizira ndi magalasi wamba. Pali ana amene maso awo ndi aafupi pang'ono kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo, moti amayenera kukakamiza kagalasi ka m'kati kaja kuti aone bwino ngakhale zakutali, nanji zapafupi. Popeza kamnofu ka mwana n'kamphamvu, amakwanitsa ndithu, tchati cha pakhoma amachiwerenga mpaka mzere wapansi, koma pa buku amatopa, mutu umawawa pachipumi, zilembo zimayamba kuchita mbuu. Woyeza maso sangaligwire bwino vutoli popanda kudontheza mankhwala m'maso, aja amene amakulitsa mwanadiso ndi kugonetsa kamnofuko kwa maola angapo. Mwana amadana nawo chifukwa amaluma pang'ono ndipo tsiku limenelo kuwala kumamusowetsa mtendere, koma popanda madontho amenewa mwana wamng'ono amanamiza makina. Pali enanso amene diso lawo limodzi ndi lofooka chifukwa ubongo unalisiya kuligwiritsa ntchito, kaya chifukwa limapatukira kumbali kapena chifukwa silinaonepo bwino chibadwire. David Hubel ndi Torsten Wiesel, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1981, anaonetsa pa ana a mphaka kuti diso likatsekedwa mwana ali wakhanda, ubongo umapereka malo ake kwa diso linalo. N'chifukwa chake diso lofooka limafuna kuthandizidwa msanga, makamaka mwana asanafike zaka 7: magalasi choyamba, kenako kumata diso labwinolo maola angapo patsiku kuti lofookalo ligwire ntchito. Izi madokotala onse amagwirizana nazo.

Ndiye pali vuto limene lili pakati penipeni pa mkangano wonse, lotchedwa convergence insufficiency, kulephera kwa maso kupendekera m'kati mokwanira poyang'ana chapafupi. Mukhoza kuliona nokha pakhonde. Gwirani pensulo choimika patsogolo pa mwana, mumuuze kuti, "Yang'ana nsonga iyi, undiuze ikakhala ziwiri," kenako muziyandikiza pensuloyo pang'onopang'ono kumphuno kwake, inu mukuyang'ana maso ake osati pensulo. Mwana wopanda vutoli maso onse awiri amalowera m'kati limodzi, ndipo pensulo imakhalabe imodzi mpaka itatsala masentimita ochepa kwambiri kuti ikhudze mphuno. Wa vutoli, pensulo ikadali masentimita 10 kapena 15, muona diso limodzi likutaya, kuthawira kunja pang'onopang'ono. Ena amati aona ziwiri. Ena sanena kanthu chifukwa ubongo wazimitsa diso lothawalo. Mwana wotere ndi amene amawerenga atatseka diso limodzi ndi dzanja, kapena atagoneka tsaya pa desiki kuti mphuno itchinge diso linalo. Kuyesa kwa pakhondeku sikulowa m'malo mwa chipatala, koma kumakupatsani chonena mukakafika.

Pa vuto ili, masewera a maso anayesedwa mwa njira yokhwima. Mu 2008 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku America wotchedwa CITT, wolipiridwa ndi National Eye Institute, bungwe la boma loona za kafukufuku wa maso. Anatenga ana 221 a zaka 9 mpaka 17 amene anali ndi vutoli, n'kuwagawa mwamaere m'magulu anayi kwa masabata 12. Gulu lina linkapita kwa katswiri sabata iliyonse n'kumakapitiriza masewerawo kunyumba. Lina linkangochita kunyumba za pensulo zija, kuiyandikiza ndi kuitalikitsa. Lachitatu linkagwiritsa ntchito pulogalamu ya pa kompyuta kunyumba. Lachinayi linkapitanso kwa katswiri, koma ankawapatsa masewera abodza, ooneka ngati enieni koma osalimbitsa kanthu. Amene anachira kapena kupezako bwino anali 73 pa 100 alionse m'gulu loyamba, 43 m'gulu la pensulo, 33 m'gulu la kompyuta, ndi 35 m'gulu la masewera abodza. Pali ziwiri zoti muzione apa. Masewera enieni, pamaso pa katswiri, anathandiza ndithu. Koma taonaninso 35 uja: mwana mmodzi pa atatu alionse anapezako bwino ndi masewera opanda kanthu, mwina chifukwa munthu wamkulu ankakhala naye sabata ndi sabata, kumulimbikitsa ndi kumuyamikira, komanso nthawi inkapita. Mukamva kholo likuchitira umboni kuti masewerawa anasintha mwana wawo, silikunama, koma umboni wakewo sungasiyanitse ziwirizi.

Masewera enieniwo si achilendo kwenikweni. Amodzi odziwika ndi a chingwe cha Brock, chotchedwa dzina la Frederick Brock amene anachiyambitsa. Ndi chingwe choyera chokhala ndi mikanda itatu ya mitundu yosiyana. Nsonga ina mumamangirira pa chogwirira cha chitseko, inayo mwana amaigwira pamphuno pake. Akayang'anitsitsa mkanda wapakati, ngati maso onse akugwira ntchito, amaona mkanda umodzi koma zingwe ziwiri zopingasana pa mkandawo ngati chilembo X. Akaona chingwe chimodzi, ndiye kuti diso lina lazima. Zingwezo zikapingasana kuseri kwa mkanda, maso sanapendekere mokwanira. Ubwino wake ndi womwewo: mwana amadzionera yekha chimene maso ake akuchita, n'kuphunzira kuwakoka. Mkanda umasunthidwa kuyandikira mphuno sabata ndi sabata. Palinso makadi a zithunzi ziwiri zoti aziphatikize kukhala chimodzi, ndi magalasi otembenuza amene amakakamiza kagalasi ka m'diso kumanga ndi kumasuka mosinthanasinthana. Minofu ya diso si yofooka ayi, ili ndi mphamvu zoposa zimene imafunika. Chimene chikuphunzitsidwa ndi ubongo umene umailamula.

Funso limene makolo a mwana wanzeru amafuna kuti liyankhidwe ndi lina: maso akakonzeka, kodi aziwerenga bwino? Gulu lomwelo la akatswiri, lotsogoleredwa ndi Mitchell Scheiman, linayesanso zimenezo, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2019. Anatenga ana 310 a zaka 9 mpaka 14, ena masewera enieni, ena abodza, kwa masabata 16. Poyeza maso, a masewera enieni anali patsogolo: ankatha kupendeketsa maso pafupi kwambiri kuposa kale. Koma pa mayeso a kuwerenga ndi kumvetsa nkhani, magulu onse awiri anakwera mofanana. Ngakhale madandaulo a anawo, za mutu ndi kutopa kwa maso, anatsika mofanana m'magulu onse. Ine ndimawalemekeza akatswiri amenewa, chifukwa ambiri mwa iwo ndi anthu okhulupirira masewerawa, koma anakonza okha mayeso amene akanatha kuwatsutsa, ndipo atawatsutsa anasindikiza.

Zotsatirazi sizinadabwitse madokotala a ana ndi a maso. Mu 2009 mabungwe awo aakulu ku America, kuphatikizapo American Academy of Pediatrics ndi American Academy of Ophthalmology, anali atalemba kale chikalata chimodzi chonena kuti masewera a maso sachiza dyslexia (vuto la kuphunzira kuwerenga) kapena mavuto ena a kuphunzira, chimodzimodzinso magalasi ndi mapepala a mitundu amene anatchuka kuyambira m'ma 1980 kudzera mwa Helen Irlen. Ku Bristol, ku England, ofufuza anayeza maso a ana oposa 5,000 a zaka 7 mpaka 9, ndipo mu 2015 ananena kuti mwa ana amene ankavutika kwambiri kuwerenga, anayi pa asanu alionse maso awo anali abwinobwino pa mayeso alionse amene anawayeza.

Mfundo yake ndi iyi, ndipo ndi imene imatembenuza nkhani yonse: kawirikawiri si maso amene amasokoneza kuwerenga, koma kuwerenga kukavuta, maso ndi amene amaoneka osokonezeka. Tengani chikalata cha kukhoti, kapena tsamba la m'Chipwitikizi ngati simuchidziwa, wina akuyang'aneni m'maso. Muima nthawi yaitali pa liwu limodzi, mubwerera m'mbuyo, mutaya mzere, chimodzimodzi mwana uja. Maso anu sanadwale. Akudikira ubongo umene ukulimbana ndi mawu. Mwana wa dyslexia vuto lake lili pa kulumikiza chilembo ndi kamvekedwe kake, kumva kuti liwu loti "nkhuku" lili ndi zidutswa zoti zingathe kupatulidwa ndi kulumikizidwanso. Mukamupatsa ndime yosavuta, yolingana ndi pamene wafika, maso ake amayenda bwinoko. Mankhwala ake ndi kuphunzitsidwa zilembo ndi maphatikizo mwadongosolo, mobwerezabwereza, ndi munthu woleza mtima. Miyezi isanu ndi umodzi yothera pa mikanda ndi miyezi imene akanathera pa zimenezo, ndipo pa msinkhu wa zaka 6 kapena 7 miyezi imeneyo ndi yamtengo wapatali. Za kusokoneza b ndi d, kapena kulemba 3 chotembenuza, musathamange nazo: ana ambiri amatero mpaka zaka 7, chifukwa ubongo unazolowera kuti chinthu chikatembenuka chimakhalabe chomwecho, ndipo zilembo zokha ndi zimene zimasintha dzina zikayang'ana kwina.

Patsala gulu lina, ndipo ndikuganiza kuti ana ambiri ochangamuka a zaka zinayi zisanu ali m'menemu: alibe vuto lililonse, kungoti mutu wathamanga kuposa thupi. Mwana wa zaka zisanu amene akufuna buku lolembedwera wa zaka khumi akukumana ndi zilembo zing'onozing'ono ndi mizere yothinana imene sinapangidwire maso a msinkhu wake. Luso lodumpha molondola, ndi luso losiyanitsa chilembo chimene chapanikizika pakati pa zinzake, zimapitiriza kukhwima mwana ali ku pulayimale. Mukamuyeza wa zaka zisanu ndi muyeso wa zimene akuwerenga, aoneka wotsalira. Mukamuyeza ndi anzake a zaka zisanu, ali bwinobwino. Kumbukiraninso kuti kafukufuku uja wa masewera a maso anachitika pa ana a zaka 9 kupita m'tsogolo, amene amatha kufotokoza zimene akuona ndi kupirira masewera otopetsa. Munthu amene akukuuzani kuti sayansi yatsimikiza masewerawa pa mwana wa ku mkaka akubwereka umboni wa ana ena.

Kwathu kuno ndingawonjezere zina zimene mabuku a ku America sazitchula kwenikweni. Ana ambiri ali ndi maso oyabwa, ofiirira m'mbali, amene amakula nyengo yotentha ndi ya fumbi. Mwana wotikita maso mphindi iliyonse ataya mzere basi, ndipo pali mankhwala odontheza a vuto limenelo. Mwana wowerenga buku limodzi ndi anzake atatu, iye ali chakumapeto akuliona chammbali, kapena wowerenga ndi tochi ya foni usiku, kapena amene wapita kusukulu osadya kanthu, sitingamuweruze maso tisanakonze zimenezo.

Ndiye kholo liyambire pati? Kukayezetsa maso mokwanira, osati tchati cha pakhoma chokha. Ku Malawi kuli zipatala za maso ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Mzuzu, ku Zomba ndi ku Nkhoma, ndipo Mzuzu University imaphunzitsa akatswiri oyeza maso. Ku Britain ana osakwana zaka 16 amayezedwa maso ulere pansi pa NHS, ndondomeko ya boma ya zaumoyo, ndipo m'zipatala muli akatswiri otchedwa orthoptist amene ntchito yawo ndi kayendedwe ka maso komweka. Mukafika musangoti mwana saona bwino, chifukwa akamuimika patsogolo pa tchati awerenga zonse ndipo mubwerera ndi manyazi. Nenani chimene mwaona: kuti amatseka diso lakumanzere akamawerenga, kuti mutu umamuwawa akaweruka koma osati Loweruka, kuti amati mawu amakhala awiriawiri. Pemphani kuti amuyeze ndi madontho, ndiponso kuti aone mmene maso akugwirira ntchito pafupi. Pali zizindikiro zina zosafuna kudikira tsiku la msika: kuona ziwiriziwiri kumene kwangoyamba mwadzidzidzi, diso limene lapatuka posachedwa, mutu wowawa ndi kusanza m'mamawa, kapena mwanadiso wooneka woyera. Izi n'zopita nazo kuchipatala tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Wina akakuuzani za masewera a maso, mufunseni dzina lenileni la vuto limene wapeza, manambala amene wayeza lero, ndi manambala amene akuyembekeza pakatha masabata 12. Wa chilungamo ayankha mosavuta, chifukwa kupendekera kwa maso kumayezedwa ndi rula. Amene akulonjeza kuti mwana adzasiya kujijirika, adzalemba mokongola, adzakhoza masamu ndi kugwira mpira bwino, zonse pa mtengo umodzi wolipiriratu chaka chathunthu, ameneyo mutsanzikeni mwaulemu.

Nanga mayeso onse akatuluka bwino, koma mwana wanu wa zaka zisanu akadali kudumpha mizere? Mupezereni mabuku a zilembo zikuluzikulu, kapena mukulitse zilembo pa foni kapena pa tabuleti. Musiyeni aziloza ndi chala, kapena aziika rula pansi pa mzere. Aphunzitsi ena amaletsa, koma palibe chimene chimaonongeka, ndipo amadzasiya yekha. Aziwerenga mphindi khumi, n'kudzuka kukayang'ana panja. Mabuku aakulu aja amene mtima wake ukuwafuna, a nyenyezi ndi a zinyama zakalekale, muzimuwerengera ndinu mokweza, iye akumvetsera ndi kukudulani ndi mafunso. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi muonenso mmene akuchitira, ndipo ngati kutseka diso kapena kuwawa kwa mutu kwayamba pakatipa, mubwerere naye kwa woyeza maso.